Maola atatu m'holo ya mayeso: aphunzitsi a pa koleji amakhala akuchita chiyani?

[Chithunzi: holo yaikulu, madesiki ali m'mizere, anthu sanalowe.]

Moni nonse amene mukutionera, a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa ndi Epworth, komanso inu akumudzi. Lero tilowa m'holo ya mayeso a pa koleji muno mu Harare, ndipo maso athu akhala pa mphunzitsi woyang'anira uja, amene amaima phee kumbuyo kwa olemba. Ana a makomo athu ambiri tsopano akulemba mayeso ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, ku Harare Polytechnic, ku Morgan Zintec, ndipo ena mwa ife ndi amene timawayang'anira.

Wolemba akadzutsa mutu amaona ngati aphunzitsi angokhala. Aphunzitsi ena nawonso amabwera akuganiza kuti apeza maola atatu ochongera mapepala. Ife tikuti maola amenewa ndi a olemba, onse atatu, ndipo mphunzitsi amene waigwira bwino ntchitoyi amatuluka m'holo miyendo ikuwawa.

[Chithunzi: envulopu yomatidwa ili patebulo, pambali pali wotchi ndi kaundula.]

Tiyerekeze kuti pepala likuyamba 9 koloko m'mawa. Mkulu wa oyang'anira amayenera kukhala atasaina kale ku ofesi ya mayeso 8 koloko ikamakwana, ndi kutenga envulopu ya mafunso, timabuku toyankhiramo, kaundula wa mayina ndi mafomu a malipoti. Asanaing'ambe envulopu, anthu awiri awerenge zimene zalembedwa pamwamba pake: nambala ya phunziro, tsiku, ndi nthawi. Awiri, osati mmodzi, chifukwa maenvulopu amafanana ndipo manambala a maphunziro nthawi zina amasiyana pa nambala imodzi yokha. Pa yunivesite, kutsegula envulopu yolakwika kumachititsa mphunzitsi mmodzi kukonza mafunso ena. M'makoleji a ntchito zamanja vuto lake ndi lalikulu kuposa pamenepo, popeza mayeso a HEXCO, bungwe loyendetsa mayeso a makolejiwa, ndi a dziko lonse. Pepala lotsegulidwa tsiku lake lisanafike ku koleji imodzi laonongekanso kwa olemba a ku Bulawayo, Gweru ndi Mutare. N'chifukwa chake envulopu imaonetsedwa kwa olemba idakali yomata, ndipo m'malo ambiri olemba awiri amasaina kuti aiona.

Koleji iliyonse ili ndi kabuku kake ka malamulo, ndipo kabuku kameneko ndiye kali ndi mawu omaliza. Koma pali miyeso iwiri imene mungaigwiritse ntchito poona ngati holo yakonzedwa bwino, ndipo ndi imene a bungwe la mayeso la Cambridge amalamula m'masukulu olembetsa mayeso awo: woyang'anira mmodzi pa olemba 30 alionse, komanso mtunda wa mamita 1.25 kuchokera pakati pa mpando wina kufika pakati pa mpando unzake. Ndiye holo ya anthu 240 ikufuna oyang'anira 8. Mukakhala 5, dziwani kuti pali mizere imene palibe akuiona, ndipo uzani a ku ofesi pepala lisanayambe.

Mphindi zotsalazo zimatha ndi tinthu ting'onoting'ono. Wina akayendere zimbudzi, asuzumire kuseri kwa chitseko ndi m'thanki ya madzi, chifukwa likasa, kapepala koberako mayeso, limakonda kudikira mwini wake kumeneko. Wina aone pansi pa madesiki. Ngati m'holo imodzi muli maphunziro angapo, ena a maola awiri ena a maola atatu, a maola awiriwo akhale kufupi ndi khomo kuti potuluka asadutse pakati pa anzawo. Wotchi ikhale imodzi yoti aliyense akuiona, ndipo ikhale ya batire. Magetsi a ZESA akathima wotchi ya magetsi imaima, ndipo mkangano wa nthawi umayambira pomwepo. Nthawi yoyambira ndi yomalizira ilembedwe pa bolodi.

[Chithunzi: olemba akulowa, zikwama zikuunjikidwa kutsogolo.]

Theka la ola loyamba ndi lotanganidwa kwambiri. Makoleji ambiri salola wochedwa kulowa pakatha mphindi 30, ndipo salolanso amene ali mkati kutuluka nthawi imeneyi isanakwane. Malamulo awiriwa amayendera limodzi. Munthu akatuluka 9:10 atawerenga mafunso onse, mnzake n'kulowa 9:25, mafunso akumana pakhomo. Apa mtima umawawa ndithu, chifukwa wochokera ku Chitungwiza, ku Norton kapena ku Ruwa akhoza kudzuka mbandakucha koma kombi n'kumuchedwetsa pamsewu. Akafika nthawi ilipo, mulowetseni mwakachetechete, mulembe nthawi imene wafika, ndipo mumuuze kuti amaliza limodzi ndi anzake. Akafika nthawi itadutsa, musakangane naye pakhomo anthu akulemba. Mutumizeni ku ofesi ya mayeso, kumene kuli anthu amene ali ndi mphamvu yogamula nkhani yake.

Kenako kaundula. Munthu aliyense aike chiphaso chake cha pa koleji pakona ya desiki. Mumafika cham'mbali, mumayang'ana chithunzi, kenako mumayang'ana nkhope. Ambiri amalumpha chachiwirichi. Amawerenga dzina, amaona kuti likugwirizana ndi la m'kaundula, n'kupitirira, pamene wolembera mnzake mayeso amabwera ndi chiphaso chenicheni, nkhope yokha ndiye ya wina. Onaninso kuti nambala imene walemba pa kabuku ndi yomwe ili pa chiphaso. Theka la mphindi pa munthu aliyense, anthu 30, ndi mphindi 15. Pa mphindi 15 zimenezi mutu wanu uli pansi, choncho oyang'anira onse asasainitse nthawi imodzi. Ena azisainitsa, ena aziyang'ana.

Mphunzitsi amene anakonza mafunso amafunika kukhalapo poyamba, kapena akhale poti n'kuitanidwa msanga, chifukwa zolakwika m'pepala zimaoneka m'mphindi zoyambirirazi. Wina akakweza dzanja n'kunena kuti nambala ya pa funso lachitatu ikuoneka yolakwika, musamukonzere yekha pa desiki pake. Mwini pepala atsimikize, kenako kukonzako kulengezedwe kwa onse, kulembedwe pa bolodi, ndipo uthenga upite m'zipinda zonse zimene mukulembedwa pepala lomwelo. Koma wina akafunsa kuti, "Aphunzitsi, funso ili likufuna chiyani kwenikweni?" yankho ndi limodzi: "Werengani bwinobwino, muyankhe monga mwamvera." Ngakhale tanthauzo la liwu limodzi musapereke.

[Chithunzi: wotchi ikuonetsa 9:40. M'holo muli zii, zolembera zokha zikumveka.]

Tsopano tafika pa maola ovuta, pamene palibe chochitika. Kaundula watha, ochedwa alowa, ndipo kwatsala maola awiri ndi mphindi 20.

Mu 1948 katswiri wa ku Britain, Norman Mackworth, anasindikiza zimene anapeza atafufuza chifukwa chimene asilikali oyang'ana makina a radar, ounikira adani ali patali, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankaphonyera zizindikiro. Anaika anthu kutsogolo kwa chinthu chonga wotchi, muvi wake ukudumpha pang'onopang'ono, ndipo mwa apo ndi apo unkadumpha mtunda wowirikiza. Ntchito yawo inali kuzindikira kudumpha kwakukuluko kwa maola awiri. Litangotha theka la ola loyamba, anthu anayamba kuphonya kwambiri. Sanali aulesi, ndi mmene mutu wa munthu ulili ukamadikira chinthu chimene chimachitika patalipatali. Woyang'anira mayeso ali m'gulu lomweli, ndipo wina aliyense amene anaingitsapo mbalame m'munda wa mapira akudziwa kuti zimatera nthawi imene maso ayamba kulemera.

Ndiye mankhwala ake ndi kusintha. Gawanani holo, aliyense akhale ndi mizere yake, koma pakatha mphindi 20 kapena 30 sinthanani. Mkulu wa oyang'anira anene izi pepala lisanayambe: "Mayi, inu yambani ndi mizere ya kumazenera, abambo mukhale kumbuyo, 10 koloko ikakwana tisinthana." Maso akafika pa nkhope zatsopano amadzukanso.

Malo abwino oimapo ndi kumbuyo. Mukakhala kutsogolo, wolemba aliyense akuona kumene mwayang'ana, ndipo wofuna kubera amangodikira kuti mutembenuke. Mukakhala kumbuyo sadziwa, ndipo kuti adziwe ayenera kucheuka, kucheukako n'kumene kumamuulula. Komabe kutsogolo kusasowe munthu, chifukwa zochitika pamiyendo ndi pansi pa desiki zimaoneka bwino kuchokera kumaso. Poyenda, musamazungulire njira imodzimodzi pa nthawi yofanana. Mukatero anthu amaloweza mayendedwe anu, amadziwa kuti mukadutsa ali ndi mphindi zinayi musanabwerenso. Nthawi zina bwererani pakati pa mzere, nthawi zina imani pakona kwa kanthawi.

Nsapato zikhale zosagogoda, makiyi asalire m'thumba. Zimaoneka zazing'ono, koma kwa munthu amene akulimbana ndi masamu, gogogo wa nsapato pa simenti amabalalitsa maganizo. Musaime pamutu pa munthu mmodzi nthawi yaitali, ndipo musawerenge zimene akulemba. Ili ndi yesero lalikulu kwa mphunzitsi amene akuyang'anira kalasi yake yomwe, chifukwa amafunitsitsa kudziwa ngati ana ake anamva. Koma nkhope imalankhula. Mukakwinya pang'ono, mwana afufuta yankho, kaya linali lolondola. Mukagwedeza mutu, mwamupatsa malikisi amene mnzake wa mzere wina sanapatsidwe.

Nanga mumayang'ana chiyani? Manja, miyendo ndi maso. Wolemba amene akuganiza amayang'ana kudenga kapena pakhoma, maso ali mbee. Wofuna kuonera amayang'ana inu. Dzanja limodzi likakhalitsa pansi pa desiki, pitani chapafupi. Munthu akakhala nthawi yaitali osalemba, kenako n'kulemba mothamanga atangoweramira pamiyendo, ndiyeno n'kuimanso, muoneni kawiri.

[Chithunzi chapafupi: kalikuleta ya Casio, dzanja likuvula chivundikiro chake n'kuchipendeketsa ku kuwala.]

Taonani apa. Mkati mwa chivundikiro ichi mukuoneka ngati mulibe kanthu. Tikachipendeketsa ku dzuwa, zolemba za pensulo zikuwala pa pulasitiki wakudayu. N'chifukwa chake zivundikiro zimachotsedwa ndi kusiyidwa m'zikwama. Chimodzimodzi pepala lomata pa botolo la madzi, kuseri kwa rula, ndi m'kachikwama ka zolembera. Wotchi za pamkono zolumikizana ndi foni zichoke, ndipo kumbukirani timahedifoni topanda chingwe timene timabisika m'chipewa, m'wigi kapena mu mpango.

Pa nkhani ya mpango tiyeni tisamale. M'makoleji muno muli amayi achisilamu, ambiri a iwo ochokera m'mabanja athu omwe, muli amayi a mipingo ya chipostoli, ndi ena amene savula kumutu pagulu. Ngati pakufunika kuona makutu, achite zimenezo ndi mphunzitsi wamkazi, pamalo obisika, pepala lisanayambe. Kumuvula munthu mpango pakati pa holo ndi kumuchotsa ulemu, ndipo mukatero salembanso bwino.

Nyengo nayo imasintha ntchito. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa mu Juni kumazizira kwambiri. Olemba amabwera ndi majekete okhuthala, ena ndi tizofunda. Simungawaletse, koma matumba achuluka, choncho auzeni akhuthule asanakhale pansi. Mu Okutobala kumatentha, mazenera amatsegulidwa, mphepo imaulutsa mapepala, ndipo wina amene wagona usiku wonse akuwerenga osadya akhoza kukomoka. Dziwiranitu kumene kuli kachipatala ka pa koleji ndi amene adzathamangire kumeneko. Mvula ya mu Novembala ikagunda malata, mawu anu samveka kumbuyo, ndiye chilichonse cholengeza chilembedwenso pa bolodi. Magetsi akathima pa mayeso a pa kompyuta, chinthu choyamba ndi kulemba nthawi imene athima. Olemba akhale chete pamalo awo, jenereta ikalira mulembenso nthawi, ndipo mphindi zotayikazo zibwezedwe ndendende.

[Chithunzi: mulu wa mapepala osachonga uli m'chikwama, chikwama chikutsekedwa.]

Tibwere ku zimene aphunzitsi ambiri amalakalaka kuchita. Kuchonga ndiye koyamba, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mapepala a dzulo ali mulu, tsiku loperekera malikisi layandikira. Koma kuchonga yankho limodzi lalitali kumafuna mphindi zingapo mutu uli pansi, pamene kupatsirana kapepala kumatenga masekondi awiri. Palinso ngozi ina, yoti timabuku ta dzulo ndi ta lero n'tofanana, ndipo patebulo limodzi timasakanikirana. Foni ndi chimodzimodzi. Ikhale ndi mkulu wa oyang'anira yekha, yosalira, yoimbira ku ofesi basi. Kucheza monong'ona pakona nakonso ayi. Holo yopanda phokoso imakuza manong'onong'o, ndipo oyang'anira awiri akaima pamodzi ndiye kuti mbali ina yatsala yokha.

Zimene mungachite ndi zimene sizichotsa maso pa anthu. Werengani mitu mzere ndi mzere, muone ngati ikugwirizana ndi kaundula. Lembani pa pulani ya mipando malo amene ali opanda munthu. Konzani m'mutu phunziro la sabata yamawa ngati mukufuna, maso ali pa olemba. Imwani madzi, ongolani msana muli kumbuyo. Pa pepala la masana, lija loyamba 2 koloko anthu atadya nsima, musakhale pansi nthawi yaitali, tulo timabwera mosagogoda. Ngati oyang'anira alipo okwanira, pumulani mmodzimmodzi mphindi zochepa kunja, mkulu wanu akudziwa.

Opita kuchimbudzi amadya nthawi yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Apite mmodzimmodzi, woperekeza akhale mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, ndipo nthawi yotuluka ndi yobwera ilembedwe. Choncho pogawa ntchito onetsetsani kuti m'holo muli aphunzitsi aamuna ndi aakazi. Kabuku koonjezera kaperekedwe mutaona kuti koyamba kadzazadi, ndipo mulembe amene mwamupatsa.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ife makamaka. Achewa, Amang'anja ndi Ayao a muno timadziwana, kumpingo, kumzikiti, m'mabungwe othandizana pa maliro. Tsiku lina mudzapeza mwana wa achimwene anu kapena wa a mpingo anzanu ali mu mzere wanu. Uzani mkulu wa oyang'anira pepala lisanayambe, akusinthireni mizere. Ndipo ngakhale Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 amavomereza, m'holo musalankhule ndi mwanayo m'chilankhulo chimene oyandikana naye sakumva. Mwina mwangomufunsa ngati akufuna madzi, koma wa pambali pake adzapita kunyumba akukhulupirira kuti mwamuuza yankho, ndipo mwanayo ndi amene adzasenze mbiri imeneyo.

[Chithunzi chapafupi: dzanja likujambula mzere pansi pa yankho lomaliza m'kabuku, likulemba 10:47, likusaina.]

Mukamugwira munthu ndi likasa, musakuwe. Kodolani mnzanu abwere adzakhale mboni, kenako tengani kapepalako kapena foniyo mwakachetechete. Jambulani mzere pamene wolembayo wafika, lembani nthawi, musaine nonse awiri. M'makoleji ambiri munthuyo amaloledwa kupitiriza kulemba, mwina m'kabuku katsopano, chifukwa woweruza si inu, ndi komiti ya mwambo. Akapezeka wosalakwa inu mutamutulutsa, pepala lija mulibweza bwanji? Musamupisire m'matumba ndi manja anu, ndipo foni yake musaitsegule. Muuzeni aizime, muiike mu envulopu iye akuona.

Milandu yambiri imafera pa lipoti. Mphunzitsi akalemba kuti "anagwidwa akubera", komiti ilibe pogwira. Lembani zimene maso anu anaona: nthawi inali 10:47, anakhala mzere wachinayi mpando wachisanu ndi chiwiri, anatulutsa kapepala kopinda m'dzanja la jekete la kumanzere n'kukaika pansi pa kabuku, pa kapepalapo panali masamu okhudza funso lachiwiri, mboni anali uje. Lembani tsiku lomwelo musanapite kunyumba, wolembayo naye apatsidwe mpata wolemba mbali yake. Mukangokayikira chabe popanda chogwirika, musamunene munthu. Imani chapafupi, kapena musamutsireni pa desiki ina mwaulemu, ndipo mulembe kuti mwatero.

[Chithunzi: wotchi ikuonetsa 11:45.]

Kumapeto ntchito imachulukanso. Lengezani pakatsala mphindi 30, kenako pakatsala 10, osapitirira apo, chifukwa kulengeza pafupipafupi kumawonjezera mantha. M'mphindi 15 zomaliza, m'malo ambiri palibe wotuluka, kuti amene akumalizitsa asasokonezedwe ndi mipando yokhulula. Nthawi ikakwana zolembera pansi, aliyense akhale pamalo pake. Pano m'pamene anthu amanong'onezana mayankho ndi kuwonjezera mizere, choncho ena azitolera, mmodzi kapena awiri aime osagwira kanthu, akungoyang'ana. Olemba amene anapatsidwa nthawi yoonjezera chifukwa cha ulumali, monga osaona amene akulemba ndi makina a braille, amakhala m'chipinda chawo ndi woyang'anira wawo, ndipo mapepala awo asaiwalike powerengera.

Ndiye kuwerenga. M'kaundula muli mayina 240, amene sanabwere ndi 6, timabuku tikhale 234. Awerenge anthu awiri, aliyense payekha. Mukapeza 233, chitseko chisatsegulidwe. Werenganinso, chifukwa kawirikawiri kabuku kamakhala kalowa mkati mwa kanzake, kapena kapita pa mulu wa phunziro lina. Mukapanda kukapeza, itanani mayina mmodzimmodzi mogwirizana ndi timabuku mpaka mudziwe mwini wake, adakali m'holo. Mukawabalalitsa anthu kaye, simudzathanso kusiyanitsa pakati pa wophunzira amene anatuluka nako ndi mphunzitsi amene anakataya.

Timabuku tosalembamo natonso tiwerengedwe ndi kubwezedwa ku ofesi. Kamodzi kakatuluka, kakhoza kudzabweranso mawa kali kolembedwa kale kunyumba. Zonse zikakwana, ikani timabuku mu envulopu pamodzi ndi kaundula, pulani ya mipando ndi malipoti, lembani chiwerengero pamwamba, ndipo wolandira ku ofesi awerenge inu muli pomwepo musanasainirane.